Chishalo cha Njinga ya Alamu

Lamulungu, 9 Juni

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndikulemba mothamanga chifukwa cha chimwemwe, ndiye mukaona zilembo zina zapindika mundikhululukire. Ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito, koma ndapulumuka. Ndiyambe poyambira.

Mukudziwa kuti kwa atelala ntchito yanga ndi kukapereka zovala zosokedwa pa njinga imene alamu anandibwereka. Chimene ndinakubisirani n'chakuti chishalo chake, chopyapyala ngati mpeni chija, chinkandipweteka koopsa. Ndinachikulunga ndi siponji, kenako nsanza, mpaka chinatupa ngati pilo, koma zinangoipiraipira. Ndikangokhota pomwe atelala sangandione, ndinkatsika n'kumakankha. Makasitomala anayamba kudandaula. Lolemba atelala anati, "Iwe, njinga uli nayo koma oyenda pansi akukupitirira. Lachisanu pali mayunifolomu opita kusukulu yakutali ija. Akapanda kufika teni koloko isanakwane, ndipeza munthu wina." Ndinangozolika. Ndikanawatchulira bwanji malo amene ankapwetekawo?

Kwa okonza njinga ndinapitako katatu. Lolemba lomwelo ndinapeza azibambo anayi akucheza, ndipo atandifunsa vuto ndinangoti ndikufuna belu. Lachiwiri ndinati andipopere matayala, chonsecho anali olimba kale. Lachitatu akazi a okonza njingawo, amene amakhala pakhomo n'kumamanga masipoko, anandikodola.

"Mwanawe," anatero motsitsa mawu, "belu n'lachiyani pa njinga yokankha? Mayendedwe akowo ndawaona. Tiye kuseriku."

Kuseriko anayala katoni pa benchi n'kundiuza kuti ndikhalepo mwamphamvu, nditawerama ngati ndagwira mahandulo. Nditanyamuka panatsala timaenje tiwiri. Manyazi ake, Achemwali, sindingawalembe. Iwo anangoyeza ndi tepi ngati mmene ife timayezera kolala. Anati amenewo ndi mafupa okhalira, ndipo anga ndi otalikirana kuposa chishalo cha alamu, n'chifukwa chake ndinkakhalira mnofu.

Nditaloza chishalo chachikulu chofewa, anaseka. "Chimenecho n'chokagulira mchere paokala. Paulendo wautali chofewa chimakumeza n'kukusupula. Tenga ichi." Anandipatsa cholimbirako, chotambalala kumbuyo, cha mpata pakati. Amuna awo anachimanga osafunsa kanthu, n'kuchiwongola kuti mphuno yake isaloze kumwamba. Mulungu awadalitse anthu amenewo.

Lachisanu ndinanyamuka seveni koloko, mtolo ndamanga kawiri pa kaliyala. Poyamba ndinkapalasa ndi mantha, kudikira kuti ululu uyambe. Ndinadutsa mlatho, ndinakwera chitunda choyamba, ndinakwera chachiwiri, osamva kanthu. Potsetsereka ndinapezeka ndikuimba mokweza, ine amene kutchalitchi ndimangogwedeza milomo. Ndinafika naini koloko itangopitirira, ndipo aphunzitsi anawerenga mayunifolomu onse n'kusaina.

Nditabwerera, atelala anayang'ana pepalalo, anayang'ana wotchi, kenako ine. "Wakwera galimoto eti? Nena zoona." Nditakana, anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati kuyambira tsopano maulendo onse akutali ndi anga. Dzulo ndinapalasa popanda wondituma, kungozungulira misewu basi.

Tsopano pempho langa. Ndinachotsa chishalo cha alamu osawapempha, ndipo ndikudziwa mmene amachinyadira. Ndachipukuta, ndachikulunga m'nsalu yoyera, chili pansi pa sutikesi pamodzi ndi mabawuti ake awiri. Muwauze inuyo, pa nthawi imene adya n'kukhuta. Akafunsa chifukwa, mungoti miyendo yanga ndi yaifupi. Chonde kalatayi musawawerengere mokweza ngati mmene mumachitira, chifukwa akamva za katoni adzandiseka mpaka ndidzamere imvi.

Mupereke moni kwa ana, ndipo wamkuluyo mumuuze kuti patchuthi ndidzamukweza. Alamu muwathokoze kwambiri. Popanda njinga yawo bwenzi ndili pakhomo, ndipo zimenezi pamaso pawo sindinathe kuzinena.

Ndine mng'ono wanu wokukondani.