Zitenje za ku Kabulonga

Chelstone, Lusaka

Okondedwa asuweni Ba Jesse,

Ndikhulupirira muli bwino ku Chipata. Ife kuno tilipo.

Munafunsa za pangano la malonda limene akulitama pa wailesi. Ndinapita kumsonkhano wake ku hotela ina ku Kabulonga, kuperekeza mkazi wanga Betty, amene anatumidwa ndi anzake a kufakitale yosoka mayunifolomu. Akuluakulu a masuti anatsutsana mpaka masana. Ena akuti malire akatseguka ntchito zidzachuluka, ena akuti ayi, kenako onse anakadyera pa tebulo limodzi. Palibe amene anatchula fakitale ngakhale imodzi imene yalembapo munthu ntchito.

Monga mwa mwambo, anagawa zitenje zolembedwa kuti "Malonda Abweretsa Ntchito". Betty, pokhala wosoka, anayamba waona m'mphepete mwa nsalu. Inadindidwa kunja kwa dziko. Atafunsa, bwana wina anamwetulira nati, "Ba mayo, ndiye ubwino wake, ni yochipa." Anthu anaomba m'manja. Amenewo ndiwo akatswiri athu.

Panganolo ndaliwerenga lonse. Likufotokoza bwino mmene katundu adzadutsire pamalire, koma munthu wochotsedwa pamakina likungomupitirira ngati minibasi yodzaza.

Masukulu ena a ku Libala ayamba kale kuitanitsa mayunifolomu kunja. Betty anauzidwa kuti ayambe wapuma, adzamuitana. Sitikudandaula. Koma ndifunseko, sukulu ija ili pafupi ndi kwanu imalandira ana pakati pa chaka? Mwana wathu Destiny ndi wofatsa, ndipo sadya zambiri.

Mundiperekere moni kwa alamu.

Ndine msuweni wanu,
Hector