Zamfira Wakana Kulira

Lolemba, 3 Novembala

Kuno mumzinda wa Iași, mvula. Gasi wofunditsira nyumba wakweranso mtengo, ndikulemba nditavala jasi. Octavian, mkonzi wa buku langa, wabweza mutu wachisanu ndi chiwiri. Akuti, "Mayi Otilia, mwamuna wamuthawa Zamfira, iye n'kuyamba kupukuta mawindo? Owerenga sakhulupirira. Mulizeniko pang'ono." Ndayesa tsiku lonse. Mtsikana wopeka ndekha, koma misozi wakana.

Lachinayi, 6 Novembala

Kwa Luminița, mnzanga wa kusukulu, tsopano dokotala wa zamaganizo a ana. Wawerenga mutuwo uku akudya chitumbuwa cha tchizi, mapepala onse mafuta. "Usamukhudze Zamfira. Anthu otere ndimawaona Lolemba lililonse."

Akuti mwana amaphunzira kukonda asanaphunzire kuyankhula. Madokotala amayesa chonchi: mayi atuluke m'chipinda, kenako abwere. Mwana wina amalira, amunyamula, watonthola. Wina amakakamira mayiyo uku akumumenya. Wachitatu sadzutsa n'komwe mutu, amangoseweretsa zidole, chonsecho mtima ukugunda ngati wothamanga. "Ameneyo si wolimba mtima ayi. Anaitana, palibe anabwera, anasiya."

Kenako funso. Zamfira anasiyidwa ndi ndani? Ndinati sindikudziwa, ndinangomupeka. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe, Otilia."

Lachisanu, 7 Novembala

Mutu watsopano, ubwana wa Zamfira. Masamba khumi osapuma. Pamalo okwerera basi, mayi akutsika kuchokera ku Italy ndi masutikesi awiri. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kuseri kwa siketi ya agogo ake. Alandira chidole, anena zikomo ngati kwa mlendo, abwerera kuseri.

Palibe chomwe ndapeka. Ndi Smaranda, mwana wanga. Ndinamusiya kwa amayi kumudzi ali ndi zaka ziwiri. Ine ku Padova, ku Italy, zaka zisanu ndi ziwiri, kusambitsa mayi wa eni ake. Kubwera Ogasiti yekha, milungu itatu. Ndipo ndinkanyadira kwa anzanga: wanga savuta, salira ndikamapita.

Lachitatu, 12 Novembala

Octavian wasangalala. Akuti mtima wa buku wapezeka, Zamfira tsopano akumveka kuyambira tsamba loyamba. "Mwazitenga kuti zimenezi?" Ndati ndawerenga mabuku a madokotala. Msuzi wapserera pamoto. Sindinadye.

Lamulungu, 16 Novembala

Mchemwali wanga Viorica wangotchula mwangozi: Smaranda anachitidwa opaleshoni ya ndulu mu Seputembala. Ku Cluj, mzinda umene amakhala, yekha. Anapita pa takisi, anabwera pa takisi. Ine ndinkalankhula naye pafoni Lamulungu lililonse, osadziwa kanthu.

Ndamuimbira. Mphindi zinayi, monga mwa masiku onse. "Zinali zazing'ono, amayi. Sindinafune kukuvutitsani." Mawu aulemu, osalala. Ndikanakonda akananditukwana.

Lachiwiri, 18 Novembala

Ndafunsa Luminița ngati za ana otere zimapola. Akuti zimasintha, munthu si mwala, koma pang'onopang'ono. "Ndipo nthawi yake sungasankhe ndiwe." M'buku ndikhoza kumupatsa Zamfira munthu woleza mtima pa mutu wachikhumi, n'kuchira pa wachikhumi ndi chiwiri. Mwana wanga ndimupatsa chiyani? Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, amagulitsa mankhwala, makiyi a nyumba yake sanapatsepo munthu.

Lachinayi, 20 Novembala

Ndamutumizira Smaranda mutu wa ubwana uja. Ndalemba kuti akakana, ndiuchotsa. Octavian sakudziwa.

Lolemba, 24 Novembala

Zii.

Loweruka, 29 Novembala

Wayankha. Ndikopera pano mmene walembera.

"Mwalemba bwino, sindikizani. Koma pali chimene simukudziwa. Chaka chimenecho ndinabisa pasipoti yanu m'khola la nkhuku, pansi pa udzu, kuti musapite. Agogo anaipeza m'mawa wa ulendo wanu. Anaipukuta, anaibweza m'chikwama, ine anandikwapula ndi lamba. Anati ndisadzakuuzeni, mungadandaule. Ichi musaike m'buku. N'changa."

Ndikukumbukira m'mawa umenewo. Smaranda anandipsompsona tsaya, akuyenda mopendama. Ndinaganiza kuti nsapato zatsopano zikumuthina. M'basi ndinauza mayi woyandikana naye kuti ndili ndi mwana wanzeru.

Amayi anamwalira kale, sindingawafunse. Yankho ndalemba kasanu, ndafufuta kasanu. Sitima ya ku Cluj imanyamuka mawa m'mawa. Sanandiitane. Sindikudziwa ngati kupita n'kumukonda kapena kumulanda ngakhale kachete kakeko.

Sutikesi ili pabedi, yotsegula. Ndaikamo jasi basi.