Foda ya Zinyalala

Lolemba, 3 Malichi

Bokosi lalira tsiku lonse ngati chigayo. Lakuda lija la pansi pa tebulo langa, losunga mafayilo a shopu yonse: makadi a maukwati, zikwangwani, ziphaso za makasitomala. Makompyuta onse amatunga mmenemo. Malemu amuna anga analigula shopu ikadali kachipinda kamodzi.

Alamu, amene akuyendetsa shopu tsopano, abwera ndi katswiri wa makompyuta. Tayi pakhosi, kutentha konseku. Wafunsa pasiwedi, tonse tayankha pamodzi ngati kwaya. Ndi dzina lachibwana limene malemu ankanditchula. Katswiri wagwira kumutu. Akuti ngakhale wantchito amene tinamuchotsa uja atha kuima pakhonde ndi foni n'kukolola zonse. Sakunama, zojambula zathu tikuziona kale mu shopu ya kutsidya kwa msewu. Komabe zandiwawa.

Lachitatu, 5 Malichi

Zagamulidwa. Bokosi latsopano, aliyense pasiwedi yake. Lakale lifufutidwe psiti, poti muli ziphaso za anthu. Ogamula ndi alamu. Ine andiuza choimirira, makiyi a galimoto ali m'manja. Shopu tinaiyamba ine ndi mkulu wawo, lero nkhani ndikuzimva ngati kasitomala.

Ndawakumbutsa za foda ya ZINYALALA. Malemu anaitchula dala choncho kuti antchito asamasuzumiremo. Zithunzi zathu zonse zili mmenemo. Munthu wosindikiza zithunzi za anthu onse, zake osasindikiza ngakhale chimodzi. "Tidzasindikiza ntchito ikachepa." Ntchito sinachepe, anatha ndi iwo.

Alamu akuti: "Musadandaule alamu, fodayo ndikuidziwa." Maso pa foni.

Lachinayi, 6 Malichi

Mwana wanga waimba. Ukwati wake mwezi wamawa. Akufuna chithunzi chija bambo ake atamunyamula paphewa tsiku lotsegulira shopu, chiikidwe kuseri kwa khadi. "Amayi, akhalepo ndithu, ngakhale papepala." Ndamuuza kuti chilipo, asade nkhawa.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndalawirira ndi fulashi kuti ndikopere ndekha. Ndalemba pasiwedi, yakana. Ndalembanso pang'onopang'ono, yakana. Katswiri anasintha dzulo. Akuti mpaka kusamutsa kutha, wolowa ndi bwana yekha. Bwana! Ndamufunsa kuti ine ndine ndani pano, wangoseka mwaulemu. Ndamuuza kuti muli zithunzi za banja langa, wati zonse zimene bwana avomereze zisamuka. Alamu ali ku msonkhano, foni osayankha.

Kasitomala wa chikwangwani cha maliro wabweranso. Dzina talakwitsa. Mutu ukuwawa.

Lolemba, 10 Malichi

Anasamutsa mafayilo Loweruka, ine ndili kwa telala ndi mwana kuyesa diresi. Palibe anandiuza.

Bokosi latsopano ndi loyera, lili mu kabati yokhoma, silimveka n'komwe. Andiuza ndisankhe pasiwedi yanga. Ndalemba dzina lija. Makina akuti ndi yofooka. Ndaonjezera manambala ndi tizizindikiro, tsopano sindikulizindikira.

Mafoda ali pamzere bwinobwino. MAUKWATI. MALIRO. MASUKULU. Ndatsika mpaka pansi, ndakweranso. Mwina sanandipatse chilolezo choiona. Ndi zotheka, andimana zambiri.

Lachiwiri, 11 Malichi

Si chilolezo.

Katswiri wafotokoza ataima chapatali. Anapeza foda yaikulu yolembedwa ZINYALALA, anafunsa: "Bwana, izi tisamutse?" Alamu anali pa foni ndi wogulitsa inki, anangokupiza dzanja. Basi. Kenako bokosi lakale analifufuta mobwerezabwereza kuti ngakhale mbava yochenjera isapezemo kanthu. Ntchito yake amaidziwa, ndipo wanena monyadira asanakumbuke kuti akulankhula ndi ndani.

Ndamufunsa ngati pali njira. Wati: "Mayi, ndikanati ilipo, ndiye kuti ndinagwira ntchito yolakwika."

Alamu alowa masana. Sindinakuwe. Ndangowafunsa ngati akukumbukira za Lachitatu. "Pepani alamu, zinthu zinachuluka. Koma nawonso achimwene, munthu n'kutcha zithunzi zinyalala?" Wolakwa wapezeka, ndi wakufayo. Ati afunsa achibale ngati wina ali ndi kachithunzi pa foni. Mkulu wawo weniweni, mimba imodzi.

Loweruka, 15 Malichi

Achibale atumiza zithunzi ziwiri. China malemu akuoneka khutu lokha, china ndi cha pa bokosi la maliro.

Bokosi lakale ndalipeza kuseri, pa mulu wa mapepala odulidwa. Ndalikulunga mu nsalu, ndabwera nalo kunyumba. Ndalilumikiza ku magetsi. Likulira ngati kale, mulibe kanthu. Ndalisiya lilire.

Lolemba, 17 Malichi

Alamu ayamikira pamaso pa antchito kuti tsopano shopu ndi yotetezeka, palibe angatibere kanthu. Anthu aomba m'manja. Zoona, palibenso choba.

Khadi la mwana ndalikonza, kutsogolo kwatha. Kuseri kuli mbee. Waimba mmawa kufunsa ngati chithunzi chatuluka bwino, ngati bambo ake akuoneka kumwetulira kuja. Ndati makina atanganidwa, mawa.

Foni ikuliranso. Ndi iyeyo. Ndimuuza kuti chiyani?