Dzina limene munapita nalo

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko komwe munatsogolako? Ndine Tilipo, mwana wanu wa ku Furancungo. Kuno tadzuka. Mvula yatha, ndipo mphepo yayamba kuluma m'mawa, ija munkati imalowa m'mawondo osaodira. Ndakhala pakhonde khanda lili m'tulo, ndiye ndati ndikulembereni zakuno, poti munkadana nazo zomvera nkhani za m'banja mwanu kwa anthu a m'njira.

Munda wanu wa ku Chidzolomondo akulima ndi ang'ono anu, a Rozina. Chaka chino chimanga chabereka mpaka anachita kuluka kankhokwe kena. Fodya ndiye ayi, anapsa ndi dzuwa la pakati pa dzinja. Achimwene Domingo akadali kuchikamwini kwawo ku Tsangano. Mbatatesi yawo inagwidwa chiwawu, koma mukuwadziwa, amangoseka n'kumati chaka chamawa. Nyumba yanu denga linagwa mbali ya kumadzulo, ndipo aliyense akuti akonza akamaliza kukolola, kuyambira chaka chatha. Mbuzi yanu yamawanga ija inakalamba, tinaidya pa Natale, pa Khirisimasi paja, koma yasiya ana akuba chimanga ngati mayi wawo yemwe.

Nkhani yaikulu ndi yoti ndaberekanso, mwana wamwamuna. Apongozi anga anakhala nane m'chikuta, anamusambitsa, anamufukata. Mchombo utagwa anamumeta, anamutulutsa panja, n'kumutcha Limbani. M'nyumba munadzaza azimayi, mwana akungodutsa m'manja, uyu amupsompsone, uyu amuponye m'mwamba. Panalibe wosamba m'manja, panalibe wophimba pakamwa. Ine ndinkaseka nawo, koma kunali kuseka kwa mano okha.

Ndiye pamenepo Marta, mdzukulu wanu woyamba uja, amene tsopano watsala pang'ono kuyamba sukulu, anandikoka nsalu n'kufunsa pamaso pa anthu onse kuti nanga iye anamufukata ndani, ndipo dzina lake lakumudzi ndi liti. Paja Marta ndi dzina la pa sedula chabe, kalata ya kubadwa ija, limene bambo ake anatola m'Baibulo kuti akalembetse ku boma. Lakwathu alibe. Apongozi anathamangira kunena kuti zimenezo n'zosavuta, Lamulungu likubwerali tikaweruka ku tchalitchi amuika mtsikanayo pamiyendo n'kumutcha iwo. Mkamwini wanu akuti zoona, nkhaniyi yakhalitsa, mwana asamakule ngati wotola. Onse akudikira yankho langa, ndipo n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndiyambe ndalankhula ndi inu, mwini wake wa dzinalo.

Mukukumbukira mmene zinakhalira, koma ndizinenabe, chifukwa kuno aliyense waiwala kupatula ine. Chinali chaka cha korona chija. Potuluka ku chipatala anatiuza kuti khanda lisaonedwe ndi alendo, makamaka okalamba, likhale ndi a m'nyumba okhaokha. Mkamwini wanu ndi mphunzitsi, ndipo sukulu zinali zotseka. Analibe ana oti aziwalamula, ndiye lamulo lonselo analisenza n'kudzalitula pakhomo pathu. Pachipata anaikapo chidebe cha madzi ndi sabawu wosambira m'manja, wailesi ili pakhutu tsiku lonse.

Inu mutamva kuti ndachira simunafunse za wailesi. Kwathu mwana woyamba wa mwana wamkazi amatchedwa ndi agogo ake akuchikazi, ndipo zimenezo ankhoswe a mbali zonse anazimva tsiku lomwe ankanditenga chitengwa. Munanyamuka wapansi mpaka munapeza shapa, minibasi zathu zija, pamutu dengu la ufa wa mawere woti ndizimwa phala, m'khwapa nkhuku, m'dengumo kapulana watsopano wa maluwa ofiira woberekera mwana. Pachipata munasamba m'manja mpaka m'zigongono. Anakupatsani kansalu kophimba pakamwa, munavala, ngakhale munkati kakukununkhitsani mpweya wanu womwe. Chilichonse chimene anakuuzani munachita. Koma mutafika pakhomo, mkamwini wanu anaima pamenepo, manja ali kumbuyo, akukupatsani moni waulemu wonse ndi kukufotokozerani lamulo m'Chipwitikizi, ngati kuti m'Chichewa likanamuchititsa manyazi.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ichi, amayi. Nthawi imeneyo apongozi anali mkati, mwana ali pamiyendo pawo. Iwo amene m'mawa uliwonse ankakhala pamsika kugulitsa matimati, kugwirana manja ndi Furancungo yense. Akuti iwowo ndi a pakhomo pomwepo, poti nyumba yawo ili kuseri kwa mpanda wathu. Inu, wochokera kumudzi kumene matendawo anali asanapondeko n'komwe, ndinu amene munasanduka mlendo. Mlendo kwa mwana amene munamubereka nokha.

Ndinadzikoka pamphasa, thupi lidakali lofooka, ndinatenga mwana n'kumukweza pazenera. Munaika chikhato pagalasi, munamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka munati mphumi ndi wa malemu amuna anu, bambo anga. Ndinatsegula zeneralo pang'ono n'kukunong'onezani kuti mungonena dzinalo pomwepo, ine ndimva. Munapukusa mutu. Munati, "Pazenera pamadutsa mbava, mwanawe. Dzina limalowera pakhomo." Munatinso mwana sumutcha usanamve kulemera kwake m'manja, ndipo dzinalo muli nalo kuyambira tsiku lomwe munamva kuti ndaima, silivunda, mudzabwera nalo khomo likadzatseguka. Madzi akumwa amene anakutulutsirani munawakana. Munatula dengu ndi nkhuku pansi, munatembenuka, ndipo ndinakuonani mukutuluka pachipata kansalu kaja kadakali pakamwa.

Kapulana uja mkamwini wanu anamunyika mu javeli, mankhwala oyeretsera zovala aja, kuti aphe matenda. Maluwa ofiira aja anatuwa ngati phulusa mwana asanagonepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Ndili wamng'ono munkakonda kundiuza za kubadwa kwanga, mpaka ndinkatopa nazo. Munkati munandiberekera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo agogo, amayi anu, anali atatsalira kuno. Atamva, anayenda wapansi m'njira zimene anthu ankaopa kupondamo. Anthu amfuti anawaimitsa, iwo anangowaonetsa mbereko n'kunena kuti akukatcha mdzukulu, ndipo anawalola kudutsa. Anafika mapazi atatupa, anandinyamula, n'kunena kuti uyu ndi Tilipo. Ndimaganiza zimenezo ndikamamuona mkamwini wanu akusamba m'manja mwake moyera muja. Anthu amfuti anawamvera chisoni agogo, koma munthu wa choko analephera kukumverani inu.

Ndikudziwa chimene munganene, kuti ndisamanyoze bambo wa ana anga. Nayenso amati ankateteza inu ndi mwana, matendawo anali oona, ndipo kumatauni anthu ankafa. Sindikukana. Likanakhala lamulo la aliyense ndikanaluma mano n'kupirira. Koma lamulo lija linali ndi maso, linkasankha. Shapa zinkayenda anthu atapanikizana ngati matumba a nyemba. Msika sunagone. Iye mwini madzulo ankazemba kukamwa ku baraka kolowera khomo lakuseri, kapu imodzi kupatsirana ndi anzake, n'kubwera kudzanyamula mwana. Ndikamufunsa kuti amayi abwere liti, yankho linali loti tidikire boma linene. Boma silinkadziwa n'komwe kuti ku Chidzolomondo kuli mayi wina amene wasunga dzina m'kamwa.

Ndiye tinadikira, mpaka uthenga unabwera woti mwagwa ku dimba mukuthirira mpiru ndipo simunadzukenso. Sanali korona, amayi. Akanakhala korona mwina ndikanati mkamwini wanu anaona patali. Munangogwa ndi mutu wanu uja umene munkadandaula zaka zonse, ndowa ili m'manja.

Pamaliro panu ndi pamene ndinaona kuti lamulo limaopa mtembo. Anthu anadzaza bwalo lonse mpaka m'munda, ndipo panalibe wowawerenga. Panalibe chidebe pachipata. Mkamwini wanu anakwera nafe shapa yodzaza osatchula za lamulo, anagwira bokosi lanu ndi manja osavala kanthu, anakusenzani paphewa mpaka kumanda, akulira kuposa ife ana anu. Anthu ankati taonani mkamwini wabwino. Muli moyo anakukanizani khomo, mutafa anakupatsani phewa.

Pali chinthu chimene ndinachita tsiku lija, ndipo sindikudziwa ngati munachimva. Ndinalowa m'siwa Marta ali kumsana mu kapulana wotuwa uja. Aka kanali koyamba inu ndi iye kukhala m'chipinda chimodzi. Ndinagwada pomwe munagonapo, ndinamumasula, n'kumugoneka pachifuwa panu kuti mumve kulemera kwake. Azimayi anadzidzimuka, a Rozina anamutsomphola n'kundikalipira kuti ndapenga, khanda saligoneka pa maliro. Mwina ndinapengadi. Ndinkangoyang'ana pakamwa panu, amayi, koma munangokhala duu.

Pambuyo pake ndinafunsa aliyense. A Rozina akuti simunawauze. Achimwene Domingo akuti atakufunsani munawayankha kuti za m'chikuta si za amuna. Azimayi anzanu a ku tchalitchi akuti munkangomwetulira n'kunena kuti adzalimva tsiku lake. Ndipo pano ndikuuzeni mosabisa, nanunso ndinakukwiyirani, mpaka lero mkwiyowo sunathe. Liuma lanu lija. Mukanangonong'ona pazenera paja, mbava yake ikanakhala iti? Inu ndi mkamwini wanu munafanana, aliyense atagwira lamulo lake ndi manja awiri, ndipo pakati panu panagwa mwana wanga. Kusiyana kwake n'koti inu munayenda mtunda wonse uja, pamene iye anangoyenda kuchoka pampando kufika pakhomo.

Tsono Lamulungu likubwera. Ndaganiza usana wonse dzulo ndikusenda nyemba, ndipo yankho langa ndi loti ayi. Apongozi si munthu woipa, andisamalira m'chikuta kawiri konse, ndipo Limbani ndi wawo, amutche mmene afunira. Koma tsiku lija anali mkati, anakuonani mutaima panja ndi dengu pamutu, ndipo sanatsegule pakamwa kuti mwana wawo asunthe pakhomo. Sangakhale pampando wanu lero ngati kuti pampandopo panalibe munthu. Akamupatsa Marta dzina lakumudzi, nkhani yonse itsekeka, mkamwini wanu azigona tulo tabwino, ndipo pakapita zaka adzati palibe chinalakwika. Ine ndikufuna kuti nthawi iliyonse akamaitana mwana wake ndi dzina la pa sedula, azikumbukira chifukwa chake palibe lina. Anene kuti ndine wouma mutu. Ndinatengera kwa amayi anga.

Marta ndamuyankha kale. Ndinamutengera kuseri kwa nyumba, ndinamupatsa kapulana wotuwa uja kuti akhale wake, n'kumuuza kuti si wotola, dzina lakumudzi ali nalo, ndipo ndi labwino kwambiri moti agogo ake anakana kulipereka pazenera. Anafunsa kuti ndiye lili kuti. Ndinati agogo anapita nalo, akumusungira. Anaganiza pang'ono n'kufunsa ngati simudzaliiwala, poti ndinu okalamba.

Ndiye pempho langa ndi limenelo, amayi, musaliiwale. Ine ndikulonjezani kuti ndili moyo palibe amene adzamutche dzina lina, kaya pa chinamwali, kaya pa ukwati. Ndidzamulera, ndidzamuphunzitsa kutsira ufa wa mawere m'phala mmene munkachitira, ndipo denga lanu lija ndikalikonzetsa ndekha mwezi uno. Musamuitane msanga, mundimve bwino pamenepo. Mulekeni akule, abereke, atche adzukulu ake m'manja mwake. Koma tsiku akadzafika kumeneko, ngakhale adzakhale nkhalamba yopanda mano, mudzamuike pamiyendo, mudzamve kulemera kwake, ndipo mudzamutche. Ndikhulupirira kuti kumeneko palibe woima pakhomo.

Mupereke moni kwa abambo ndi kwa agogo. Limbani wadzuka, akulira, ndisiyire pomwepa.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale ndili chikwiyire,

Tilipo