Tsamba Limene Ndinapaka Tadala

Amayi, kaya kwacha bwanji kumeneko? Ine musandifunse n'komwe. Ndikulemba kalatayi nditakhala pabenchi ya chipatala kuno ku Nairobi, pepala lili pabondo, ndipo mdzukulu wanu Tadala wagona m'katimu, diso lamanzere atalimata ndi bandeji.

Ndiyambe ndi zakumudzi, poti simunkafuna munthu wofikira kulira pakhomo. Mpongozi wanu, mkazi wa a Limbani, anachira bwinobwino, mwana wamwamuna, mphuno ngati yanu yomwe. Chimanga ku Dedza chachita chaka chino, kachewere yekha ndiye anakana. Denga la khitchini yanu linasasuka ndi mphepo koma achimwene analikhomanso. Basi, zabwino zathera pomwepa.

Tadala munamusiya akukwawa, pano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mwezi watha anatuluka chipere patsaya, m'munsi mwa diso. Mafuta akufamase ku Rongai kwathu ndinagula kawiri konse, chipere osasuntha. Anzake kusukulu anayamba kumuseka, iye n'kumabwera atabisa tsaya ndi kolala ya juzi.

Ndiye Loweruka lapitali amayi akumpingo tinakayenda kumapiri ozizira kupitirira Limuru. M'mbali mwa kamtsinje ndinaona chomera chondilekeza pachifuwa, masamba aakulu ong'ambikang'ambika, maluwa oyera atayala pamwamba ngati ambulera. Mtima unangoti phwii. Ndinati si ichi chija Amayi ankathyola kudambo, n'kumatipaka tikatuluka zipere! Ndinachijambula pafoni, n'kuthyola masamba ndi mpango, ndikuimba nyimbo. Mayi wina wa kuno anandifunsa kuti ndikuchidziwa kodi. Ndinayankha monyada kuti kwathu tinakulira chomwechi.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinasinja masamba aja, n'kumupaka Tadala madzi ake patsaya ponse. Kenako ndinachita monga munkachitira inu. Munkati, “Kakhale padzuwa, mankhwala alowe.” Ndinamutulutsira mpando pakhonde, dzuwa lili paliwombo. Anati kukunyereza, ine ndinati ndiye kugwira ntchito kwakeko. Anatikita tsayalo ndi dzanja, dzanja lomwelo n'kupita nalo m'diso. Ine ndili m'nyumba, ndikusita yunifolomu yake.

Lolemba tsaya linafiira. Lachiwiri, mayo ine, matuza! Ngati ndamukhuthulira phala lamoto kumaso. Chikope chinatupa mpaka diso linatsekeka. Bambo ake ali kutali ku ntchito, ndiye ndinamubereka ndekha mwana wamkulu uja mpaka pokwerera matatu, minibasi za kuno. Anthu m'galimotomo ankangoti “pole, mama, pole,” ndiko kupepesa kwa kuno, akuganiza kuti ndi ngozi. Sanadziwe kuti ngoziyo ndi ineyo.

Adokotala, mtsikana wamng'ono kwa ine, anayang'ana chithunzi chija n'kupukusa mutu. Akuti chomeracho n'chapachibale ndi karoti, ndipo abale ake ena amamera m'maiko ozizira. Anandionetsa zomwe maso anga analumpha: tsinde la mphako, la mizeremizere, laubweya wokanda. Akuti madzi ake paokha sawotcha. Amadikira dzuwa. Ndikanamutsuka ndi sopo n'kumusunga m'nyumba masiku awiri, bwenzi pano ali kusukulu. Amayi, mwamva? Ine ndinachita kumunyamulira mpando.

Chiyambire Lachiwiri ndikuyesa kukumbukira tsamba lanu lija. Kodi linali ndi ubweya? Ndikuona ngati linali losalala. Linkanunkha bwanji? Dzina lake ndani? Sindikudziwa, Amayi, sindikudziwa! Munkandiitana kuti, “Esinati, tiye kudambo ukaone,” ine n'kumati ndikuwerenga za mayeso. Munkaseka n'kunena kuti ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Lero ndili ndekha ndi madigiri anga, ndimalemba malipoti a bungwe okhudza zaulimi, koma tsamba limodzi landipusitsa. Safunsa anadya phula, koma phula langali wadya ndi mwana.

Choopsa china sindinakuuzeni. Pomupaka paja ndinamuuza kuti awa ndi mankhwala a agogo ako. Dzulo masana, anamwino atangomusintha bandeji, anandigwira chala n'kufunsa kuti, “Mami, kodi agogo amadana nane?” Mwana amene amapsompsona chithunzi chanu pabalaza paja! Kunali kosavuta kukusiyirani mlanduwo, inu simungayankhe. Koma ndinagwada pambali pa bedi n'kumuuza kuti agogo ako sanalakwitsepo tsamba moyo wawo wonse, wolakwa ndine, ndinathyola chomera chomwe sindichidziwa n'kuchitcha dzina lawo. Anatembenukira kukhoma, koma chala changa sanachisiye.

Za patsaya akuti pakhala chipsera chakuda miyezi yambiri, mwina zaka, ndipo pasamaombedwe dzuwa. Zimenezo ndavomera, ndimugulira chipewa. Koma diso, Amayi. Mawa m'mawa dokotala wa maso adzamatula bandeji kuti aone ngati m'kati munapsa. Ndafunsa katatu, onse akungoti tidikire. Ndapemphera mpaka mawu atha. Ngati kumene muliko mumaloledwa kupempha kanthu, musapemphere ine. Mupemphereni diso mwanayu. Mukudziwa kuti amawerenga ngakhale zikwangwani za pamatatu?

Ndimakukondani, Amayi, ndipo sindinakusoweni chonchi ngakhale tsiku lija tinakuikani. Ndikulonjeza kuti sukulu ikatsekera tibwera ku Dedza. Ndikawagwira dzanja amayi aang'ono a Nachisale, mng'ono wanu, poti atsala okha odziwa, tikatsikire kudambo. Ndikafunsa dzina, ndikanunkhiza, ndikagwira tsinde ndi manja angawa. Tadala akakhala pambali panga, ndipo tsamba lanu lenileni akaliona, kaya ndi maso awiri kaya ndi limodzi.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Esinati