Malemu Anatsalira M'kawailesi ka M'thumba

Khalani chete nonse, ndipo amene mwavala zipewa muvule. Woyankha makalata patsamba lino ndine, nkhalamba imene inamaliza pulayimale yonse, makalasi ena kawiri chifukwa aphunzitsi sankafuna kusiyana nane. Za maukwati ndimadziwa, za ziphuphu za kumaso ndimadziwa, ndipo sabata ino ndadzikweza ndekha kukhala katswiri wa zamagetsi, poti ndinasintha babu la kubafa osagwa pampando. Kalata ya lero nayi.

Agogo,

Ndine mayi wamasiye, ndimagwira ntchito yosita pamalo ena ochapira zovala. Amuna anga anali openta nyumba, anatisiya chaka chatha. M'thumba la ovolosi yawo ndinapezamo kawailesi kawo ka nyimbo, kaja kofanana ndi bokosi la machesi, komvera ndi zingwe za m'makutu. Madontho a penti wobiriwira akadalipo mpaka pano. Ndinayamba kumapita nako kuntchito kuti tsiku lizifupika.

Tsiku lina nyimbo zitatha ndinangomva mapazi pamiyala, zitini zikugundana, kenaka likhweru lawo lija. Ndinatsala pang'ono kupsereza malaya a eni ake. Zikuoneka kuti batani lojambulira mawu linadinika lokha m'thumba pamene ankaweruka. Geti likulira, iwo akuti, "Odi kuno, abwana." Kenaka mawu anga: "Sopo ndinakutumani uja ali kuti?" Iwo: "Ali m'sitolo, mayi. Ndamuona ndithu, ali bwinobwino." Apo ndiye ndinayamba kulalata, Agogo. Ndinati mutu wawo ndi dengu lobooka, ndinati ndinakwatiwa ndi makwerero, ndi zina zoti sindingalembe pano. Ndikafika pamene ndikunena kuti "Mundichokere pamaso," ndimazula zingwe m'makutu. Zili kutsogoloko sindinazimvepo.

Tsopano kawailesiko katupa kumsana, kamangozima kokha, ndipo ndikakatchaja kamatentha. Mwana wanga wamwamuna akuti, "Amayi, kanthu aka katha. Ndikugulirani katsopano, nyimbo zimenezo zili ponseponse." Wokonza mafoni pamsika anangokatembenuza n'kunena kuti, "Tikafomate kaye." Tanthauzo lake sindinalidziwe, koma ndinakatsomphola m'manja mwake.

Kulibe kwina kumene mawu a malemu anatsala. Mwanayu sadziwa kuti alimo, ndipo ndikuchita manyazi kuti amve mmene ndinkawalankhulira bambo ake. Katsopanoko ndisankhe kotani? Nanga mawuwa ndingawapulumutse bwanji popanda munthu kuwamva?

E. N., kuseri kwa depoti ya mabasi

Mayi wanga,

Dzanja limene linatsomphola lija mulipsompsone. Kufomata ndi kusesa m'nyumba n'kutayira kudzala ndi eni nyumba omwe. Akanakubwezerani kawailesi kopanda kanthu m'kati, ngati mutu wanga tsiku la mayeso a masamu.

Lekani kukatchaja lero lomwe, chifukwa chatupacho ndi batire. Batire lotupa lili ngati chithupsa cha mwana wa eni: osalifinya, osalibaya. Musagone nako pansi pa pilo, ndipo musapite nakonso pafupi ndi simbi yanu yamoto. Kaikeni m'mbale yadothi, pozizira, kutali ndi makatani.

Kenaka kayang'aneni m'mbali. Mukaona kakhomo ka memole khadi, kazimitseni, mutulutse khadiyo ndi chikhadabo, muikulunge m'kapepala. Koma musayambe kuvina, chifukwa tiwailesi tina timasunga mawu ojambulidwa m'mimba mwake, osati m'khadi. Tengani zonse ziwiri mupite kwa munthu wa kompyuta, mukamuuze mawu awa monga mmene ndalembera: "Kopani zonse, osasankha, osatsegula, osafufuta." Muime pomwepo ngati mukudikira chigayo. Kukopa sikufuna kumvetsera. Kompyuta ilibe makutu, ndipo pa zinthu zonse zimene ndazidziwa pa moyo wanga, ndi yokhayo imene sipita kwa aneba kukafotokoza. Chingwe chikalumikizidwa batire limayambanso kudya moto, choncho achite changu, ndipo kakayamba kutentha azule.

Mawuwo akawaike pawiri: pa khadi yatsopano ndi pa fulashi. Fulashiyo mukasungitse kwa mchemwali wanu, makamaka uja wosataya ngakhale mabotolo opanda zitsekero. Banja lililonse limakhala naye mmodzi. Musanachoke kwa wa kompyutayo, valani zingwe za m'makutu inuyo nokha, mumve ngati likhweru lija lawoloka bwino.

Za katsopano, musatengeke ndi kothwanima ngati basi ya ukwati. Sankhani ka mabatani enieni, odinika ndi chala, chifukwa zala za wosita zimakhala zonyowa ndi nthunzi, ndipo tija tokhudza pagalasi timachita matama tikaona chinyezi. Kakhale ndi kakhomo ka khadi. Kakhale ndi kagalasi koonetsa mayina a zimene zilimo, kuti mukawafuna bambowo musamadutse kaye m'makwaya onse a padziko. Funsani ngati batire lake lingakuperekezeni kuyambira polowa ntchito mpaka poweruka, ndiponso ngati chingwe chake chotchajira chimapezeka paliponse. Musanatulutse chikwama, lowetsani khadi yatsopano ija muyese mawu a malemu pomwepo. Tiwailesi tina ndi tosankha ngati apongozi: nyimbo timaimba, koma mawu ojambulidwa timakana. Pomaliza, kakhale ndi kabatani kokhoma mabatani ena kuti asamadinike okha m'thumba. Inde, ndikudziwa kuti ka amuna anu kakanakhala kokhoma bwenzi lero mulibe chomvera. Nthawi zina Mulungu amagwiritsa ntchito katundu wotchipa.

Tsopano tikambe za manyazi anuwo, poti apa ndiye pa digiri yanga. Ine ndinayamba kulalatiridwa ndikadali ndi tsitsi. Mwamuna woopa mkazi wake saimba likhweru pageti, mayi. Amalowa ngati mphaka wonyowa. Wanuyo anafika akuimba, n'kukutchani abwana, ndipo yankho la sopo lija sanalipekere pakhomo ayi. Analikonza ali m'njira, akuseka yekha, akudziwa bwino lomwe mvula imene ikamugwere. Inu mukumva mkazi wolalata. Ine ndikumva mwamuna amene wafika kwawo.

Choncho mawu akawoloka, mukhale pansi tsiku lopuma, mumvetsere mpaka kumapeto. Zili kutsogoloko sindikuzidziwa, ndipo sindikulonjezani uchi. Mwina ndi thumba lokha likukhudzana ndi mwendo. Mwina akuseka. Mwina mukuwafunsa ngati adya. Koma munthu simungamusiye ataima pakhomo chaka chonse chifukwa choopa mawu anu omwe.

Kunena za mwana wanu, iyeyo anakulira m'nyumba momwemo, ndipo makoma a nyumba zathuzi mukuwadziwa. Dengu lobooka analimva kalekale, mwinanso anaitanidwapo nalo. Chimene alibe ndi likhweru la bambo ake. Zili kwa inu, sindikukakamizani. Koma zingwe za m'makutu anazipanga ziwiri, ndipo mwana amene akuti "nyimbo zili ponseponse" akunena choncho chifukwa sadziwa chimene akufuna kutaya.

Kalata yanu ndinawawerengera madala anzanga amasiye amene timakhala nawo pabenchi la kwa wometa. Wina anati angapereke mano ake onse otsala kuti atchedwenso dengu lobooka kamodzi kokha. Wina anati mpaka lero akapita kusitolo amaiwala mchere dala, n'kufika kunyumba, n'kuima pakhomo kanthawi, koma palibe womufunsa.

Chenjezo langa ndi ili. Pamsewu muzivala khutu limodzi, linalo lizimvera magalimoto. Musamakweze kwambiri, makutu alibe sipeya. Malemu musamawamvetsere simbi ili pa malaya a kasitomala. Ndipo chachikulu, musanene kuti mupita mwezi ukatha. Batire lotupa silidziwa kalendala.

Ndisapite kumanda ndi bodza la patsamba lino: madala a pabenchi aja ndawapeka. Wometa wathu alibe n'benchi lomwe. Woiwala mchere dala uja ndine, ndipo mayi a kunyumba kwanga analibe kawailesi kodinika kokha. Inu muli nako. Nyamukani kukadali kowala.

Agogo