Kumpoto Nako Kuli Wathu

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Bangwe tadzuka, ndipo lero ndikukulemberani mtima uli m'malo, zomwe sindikanatha kunena mwezi wathawu.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono, monga munkachitira inu pobwera kumsika, kuyamba kutulutsa tomato wophwanyika nsomba zili pansi pa dengu. Mdzukulu wanu amene munamusiya ali m'mimba uja pano akukwawa. Ndi mtsikana, tinamutcha Elube, dzina lanu, ndipo watengeradi mwini dzina, akagwira chinthu sasiya. Bambo ake akuti mphuno ndi ya kwawo. Ine ndimangowavomera, munthu sungamumane zonse. Munda wa kuphiri tinalima, koma feteleza tinathira mochedwa, ndiye chimanga chinangobwera chapakatikati. Nandolo ndiye wabereka mochititsa chimangacho manyazi. Denga la kukhitchini likudonthabe pakona pomwe paja, ndipo beseni lanu lobiriwira likugwirabe ntchito yake pamenepo.

Nkhani yeniyeni ndi ya mzime wanu, Tiyamike. Mayeso a Folomu 4 anakhoza bwino kwambiri, mwakuti azimayi a kumpingo anabwera kudzalulutira pakhomo. Itakwana nthawi yofunsira malo, tinamva kuti munthu amayenera kuika patsogolo koleji yomwe akuifunitsitsa, inayo pambuyo. Iye anali ndi makoleji awiri m'maganizo. Ina ili konkuno m'tauni, minibasi imodzi kukafika ku Limbe, ina kukamutsitsa pageti. Kumeneko akanaphunzira za akaunti n'kumagona pakhomo. Inayo ili kumpoto, cha ku Mzuzu, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo kumeneko ndi kumene kuli maphunziro a za maso.

Kumene kunali mtima wake mukukudziwa. Ndi iyeyo amene ankakulowetserani ulusi m'singano maso anu atayamba kuchita chifunga, ndi iyeyo ankakupezerani nyimbo m'buku kutchalitchi inu n'kumangoligwira mwaulemu. Anandiuza tikuchapa kuti, "Achemwali, amayi akanapimidwa msanga sakanavutika chonchija. Ine ndikufuna ndizipima anthu."

Koma mlongo wanu, amalume aJonasi, anabwera kuchokera ku Machinjiri Lamulungu lina ataweruka kutchalitchi. Anakhala pa mpando wanu uja, namvetsera zonse, kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Kumeneko tili ndi ndani?" Tinayamba kutchula abale. Ku Chirimba alipo, ku Chilomoni alipo, ku Mulanje ndiye osanena, ku Lilongwe kuli msuweni uja samayankha foni. Kudutsa Kasungu, ngakhale mmodzi. Amalume anati, "Mwana wamkazi sapita kumene kulibe wake. Akadwala, phala adzamuphikira ndani? Aphunzire konkuno, akaunti nayonso ndi sukulu."

Ndisawanamizire, Amayi, sinali nkhanza. Mukukumbukira mmene mwana wawo Fanuelo anadwalira ku Joni, m'chipinda cha lendi, popanda womupatsa ngakhale madzi, ife n'kumva zonse zitatha. Chilonda chimenecho sichinapole. Komanso ndiwo eni mbumba, mawu awo sitingangowalumpha ngati ngalande. Ine ndemwe ndinali mbali yawo, chifukwa kuchipatala kuja munandigwira pamkono n'kunena kuti ndimuyang'anire mng'ono wanga. Ndinkadzifunsa kuti munthu amene sukumuona umamuyang'anira bwanji.

Tiyamike sanatsutse. Mwana wanu uja sakangana ndi akuluakulu, amangozima ngati mbaula yosiyidwa panja. Anati, "Chabwino amalume, ndiika ya kunoyo." Kuyambira pamenepo anasiya kuimba pochapa. Ankabereka Elube n'kumangozungulira pabwalo osalankhula, chakudya chinkabwerera mmene chapitira. Tsiku lotsekera likuyandikira, iye osapita kukafe ya intaneti kukatumiza zofunsirazo, ndikamufunsa ankangoti mawa. Zinandipweteka kwambiri. Ndinkaona kuti ndikusunga mawu anu koma mwana wanu ndikumutaya.

Loweruka lina ndinapita kumsika wa ku Limbe kukagula usipa, miyendo n'kunditengera yokha ku mzere wanu wa tomato. Pa benchi lanu pano pali mtsikana wina wa ku Chigumula, amaunjika milu yake mopanda luso, mukanamudzudzula. Amake Dalitso, aja a anyezi moyang'anizana nanu, anandikokera pambali n'kufunsa za kunyumba. Nditawafotokozera, anandiyang'ana ngati ndasankha tomato wowola wabwino ali pompo.

"Iwe Agnesi, ukuti kumpoto kulibe wanu? Nanga NyaGondwe anamwalira liti?"

Amayi, aNyaGondwe ine ndinali nditawaiwala. Mayi wamtali uja wa benchi loyandikana ndi lanu, wogulitsa kachewere, amene anabwerera kwawo amuna awo atapuma pantchito. Amake Dalitso nambala yawo anali nayo, ndipo tinaimba pomwepo, pakati pa phokoso la msika. Za maliro anu anamva mochedwa, ndipo atadziwa kuti akulankhula ndi ndani, anayambanso kulira ngati mwamwalira dzulo. Ine nanenso ndinalira, usipa uli m'manja.

Ndiwo anandikumbutsa za chaka chija anagona m'chipatala dzinja lonse. Inu mukudziwa mmene zimakhalira pamsika paja. Benchi likakhala lopanda katundu kwa kanthawi, wina amayalapo zake, ndipo mwiniwake akachira amapeza mlendo akumufunsa kuti mugula chiyani mayi. Inu m'mawa uliwonse munkagawa tomato wanu pawiri, wina pa benchi lanu, wina pa lawo, kuti aliyense aone kuti malowo ali ndi mwini. Ndikaweruka kusukulu munkandikhazika pamenepo. Ine ndinkadzitama kwa anzanga kuti amayi anga alemera, ali ndi mabenchi awiri. Chifukwa chake simunandiuzepo. Munkangokonda kunena kuti kupatsa n'kuika, ife n'kumayesa mukunena za mchere womwe aneba amapempha.

Nditawauza za Tiyamike sanadikire kuti nditsirize. Anati, "Amayi ako anandisungira malo mvula yonse, ndipo ana anga anaphunzira ndi benchi limenelo. Mwanayo abwere. Chipinda chilipo, koleji yakeyo ndimadutsa pomwepo popita kuchigayo. Akadwala, phala ndiphika ine."

Ndinabwerera kunyumba ndikuthamanga mumtima, koma Tiyamike sindinamuuze msanga, poopa kumuyatsa amalume n'kudzamuzimanso. Lamulungu amalume atabwera ndinawafotokozera zonse. Anapukusa mutu. "Mnzawo wa pamsika si mbale, Agnesi. Chibale ndi magazi." Sindinalimbane nawo. Ndinangoimba foni ija n'kuwapatsa m'manja. Mawu a aNyaGondwe safuna sipika, tonse tinawamva.

"Jonasi? Jonasi yemwe uja unkabwera kudzanyamula madengu a achemwali ako, n'kumandipempha nthochi uli ndi mamina?"

Amayi, mukanawaona alongo anu. Anavula chipewa, chikhalirecho munthuyo ali ku Mzuzu. Ankangoti, "Ee mayi, ndi ine ndemwe mayi." Koma mafunso awo anafunsa onse, sanasiyeko. M'nyumbamo mumakhala ndani, amapemphera kuti, chipatala chili patali bwanji, akadwala mwana adzatiimbira ndani. ANyaGondwe anayankha lililonse mosatopa. Foni itatha, amalume anazunguza chipewa m'manja. Kenako anati inu munachoka ku Milanje, ku Mozambique, nthawi ya nkhondo muli mtsikana, n'kufika muno m'tauni popanda ndi mmodzi yemwe wokudziwani, ndipo iwo pobwera pambuyo anakupezani muli kale ndi anthu. Anatembenukira kwa Tiyamike nati, "Kaike ya kumpotoyo patsogolo. Kumeneko kuli wathu."

Tiyamike anagwada pomwepo. Lolemba m'mamawa anali atasamba kale ine ndisanadzuke. Tinapita limodzi ku Limbe, ndipo ndinaona ndi maso anga akuika ya kumpoto poyamba, ya kuno pambuyo. Pobwerera anandigulira chimanga chootcha pa siteji, akuti ndi phwando.

Mayina sanatuluke, Amayi, ndiye sindikukuuzani kuti watengedwa. Ofunsira ndi ambiri, mwina adzamupatsa ya kuno yomweyi, ndipo ikatero adzapita, wanena yekha. Koma chilichonse chibwere, sadzakhala moyo wake wonse akuganiza kuti tinamutsekera njira ndife a m'nyumba mwake. Pano wayambiranso kuimba pochapa, mosokoneza mawu a nyimbo ngati inu, ndipo Elube amamuombera m'manja. Ine ndikugona tulo. Amalume nawo afika pomaimbira aNyaGondwe okha, akuti akufuna adziwe ngati kumeneko kumazizira kwambiri kuti amufunire bulangete.

Ndikulonjezani ichi. Dzina lake likatuluka, tidzayamba tabwera kumanda kudzasesa ndi kudzakutsazikani, chifukwa mwana sachoka pakhomo osalawira amake. Kenako ndidzamuperekeza ndekha mpaka pakhomo pa aNyaGondwe, ndikamupereke m'manja mwawo. Ndidzawatengera nandolo wa m'munda mwanu, ndi dengu la tomato wa pa mzere wanu, ngakhale akafike ataphwanyika. Mawu anu a kuchipatala aja sindinawataye, mng'ono wanga ndikumuyang'anirabe. Kungoti sindinkadziwa kuti womuyang'anira wina munali mutatiikira kale, ine ndili pa benchi lija ndikudzitama kuti talemera.

Timakukondani ndipo timakusowani tsiku lililonse. Pumulani, Amayi, ana anu ali ndi anthu.

Ine mwana wanu woyamba,
Agnesi